Nazale Ili ku Blantyre, Zipatso Zili ku Mwanza

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri m'midzi ya kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati. Amamveka pa maliro, pa chigayo ndi pa mzere wa kuchipatala. Anthu amati: "Sukulu ya madokotala ya ku Blantyre ija ndi ya anthu a m'tauni. Ophunzira kumeneko ndi ana a anthu olemera, ndipo akatsiriza amakwera ndege. Nanga munthu wa ku Thambani apindulapo chiyani?" Ena amaonjezapo mawu oipa koposa. Amati anthu a kafukufuku a pasukulupo ntchito yawo ndi kutenga magazi a amphawi kukagulitsa kunja.

Mawu amenewa ndi olakwa, ndipo kulakwa kwake kumaphetsa ana. Mayi amene wawakhulupirira amabisa mwana wake pa tsiku la katemera. Bambo amene wawakhulupirira salimbikitsa mwana wake wanzeru kuti alimbikire sukulu. Mfumu imene yawakhulupirira sipempha kanthu ku sukuluyo, pakuti munthu sapempha gawo pa chinthu chimene akuyesa kuti si chake. Chifukwa chake nkhaniyi iyenera kuzengedwa poyera monga mlandu wa pabwalo, ndi mboni zake zomwe.

Sukuluyo idachokera kuti?

Kale mwana wa dziko lino akafuna kukhala dokotala ankayenera kukaphunzira kunja kwa dziko. Dr Daniel Malekebu adakaphunzira ku Meharry, m'dziko la America, natsiriza mu 1917. Dr Hastings Kamuzu Banda adatsiriza pa sukulu yomweyo mu 1937. Anthu otere adali owerengeka pa zala. Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu amachitcha Gulupu, chidatsegulidwa ku Blantyre mu 1958, koma kwa zaka zambiri madokotala ake ochuluka adali alendo.

Mu 1979 Boma lidatsegula sukulu ya ukachenjede ya anamwino, Kamuzu College of Nursing. Mu 1991 lidatsegula sukulu ya madokotala, College of Medicine, pafupi ndi Gulupu. Mmodzi mwa anthu amene adailimbikira kwambiri adali Mmalawi, Professor John Chiphangwi, dokotala wa matenda a amayi. Mu 2021 sukulu ziwirizi zidaphatikizidwa kukhala imodzi, dzina lake Kamuzu University of Health Sciences. Ntchito zake ndi zitatu: kuphunzitsa ochiritsa, kuthandiza odwala amene matenda awo akanika m'zipatala zazing'ono, ndi kufufuza njira zatsopano zogonjetsera matenda. Ntchito yachitatuyi ndiyo imatchedwa kafukufuku.

Zina mwa ndalama zomangira ndi kuyendetsera sukuluyi zimachokera ku msonkho. Msonkho sapereka a m'tauni okha. Mayi wa ku Kunenekude akagula sopo kapena chitenje m'sitolo, wapereka msonkho. Motero iyenso ndi mwini sukuluyo, angakhale sadaonepo chipata chake.

Munthu wa ku Mwanza safunika kumuuza za manachesi. Adziwa kuti mlimi wofuna mtengo wobala msanga amagula mbande yomezanitsa. Mbandeyo idakonzedwa ku nazale, kumene munthu waluso adadula kanthambi ka nachesi nakalumikiza pa tsinde la ndimu. Mwana wodya chipatso sadziwa kumene kuli nazaleyo, koma kusadziwa kwake sikusandutsa nazale kukhala chinthu chachabe. Sukulu ya ku Blantyre ndi nazale yotero. Zipatso zake zili kale m'manja mwa anthu a ku Mwanza, koma ambiri sazizindikira. Tsono mboni zilankhule.

Mboni yoyamba: katemera wa tayifodi

Mu 2009 nthenda yachilendo idagwa m'midzi ya m'malire ku Neno, dera limene kale lidali mbali ya boma la Mwanza, ndi kutsidya ku Tsangano wa ku Mozambique. Odwala ankatentha thupi masiku ambiri, ena nkulephera kuyenda kapena kulankhula bwino. Poyamba ngakhale achipatala sadadziwe kuti ndi nthenda yanji. Anthu opitirira 300 adadwala, ndipo 11 adamwalira. Magazi a odwala atapimidwa, padapezeka kuti ndi tayifodi, nthenda yobwera ndi madzi ndi zakudya zoipitsidwa ndi chimbudzi. Padapezekanso kuti tizilombo take tidaleka kumva mankhwala amene adazolowereka.

Kuyambira mu 2011 tayifodi idachuluka kwambiri ku Blantyre. Zimenezi zidadziwika msanga chifukwa bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, limene lakhala likugwira ntchito ndi sukulu ya madokotala kuyambira mu 1995, linkapima magazi a odwala otentha thupi pa Gulupu chaka ndi chaka. Mu 2018 adayamba kuyesa katemera watsopano. Makolo a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa adalola ana awo oposa 28,000 kulowa m'kafukufukuyo. Theka la anawo lidalandira katemera wa tayifodi, theka lina katemera wa nthenda ina, kuti pakhale poyerekezera. Mu 2021 zotsatira zidatuluka: mwa ana 10 amene akadadwala tayifodi, katemerayo adateteza pafupifupi 8. Mu May 2023 Boma lidapereka katemerayo kwa ana m'dziko lonse, ndipo adalowa m'gulu la akatemera amene mwana amalandira ku sikelo.

Wowerenga aone bwino njira imene chinthuchi chidayenda. Nthenda idapha anthu kumalire. Nzeru yoigonjetsa idayesedwa ku Ndirande. Chitetezo chidabwerera kumalire komweko m'kabotolo. Makolo a ku Ndirande akadathamangitsa anthu a kafukufuku ndi miyala, mwana wa ku Tulonkhondo akadakhalabe pa ngozi lero. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pano mawuwa adaoneka ndi maso.

Mboni yachiwiri: chiponde

Palibe mudzi ku Mwanza umene sudziwa chiponde cha kuchipatala. Kale mwana wonyentchera kapena wotupikana ankagonekedwa m'chipatala masabata ambiri, akumwa mkaka. Mayi ake ankasiya munda ndi ana ena kunyumba. Ambiri ankathawa mwana asanachire, osati chifukwa cha kupusa, koma chifukwa kumudzi kudalibe wolima. Ana ena ankatengeranso matenda kwa anzawo m'chipinda chomwecho.

Nzeru yosakaniza mtedza, mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini idayambira ku France. Koma funso lidalipo: kodi mayi wa kumudzi angathe kuchiritsa mwana wake kunyumba ndi chakudya chimenechi? Kuyambira mu 2001 Dr Mark Manary ndi anzake a pa College of Medicine adayesa zimenezi ndi amayi a kuno. Padapezeka kuti ana ambiri amachira bwino kunyumba koposa m'chipatala. Lero mayi amalandira timapaketi ku sikelo, nabwerera kwawo tsiku lomwelo, ndipo njira imeneyi yafalikira m'maiko ambiri. Munthu amene amati sukulu ya ku Blantyre sidamchitire kanthu ayambe wafunsa mkazi wake ngati m'nyumba mwawo simudalowepo chiponde.

Mboni yachitatu: khanda lobanika

Mwana wobadwa masiku asanakwane amavutika kupuma, chifukwa mapapo ake sadakhwime. Ku maiko olemera kuli makina omuthandiza, koma mtengo wake ndi woti chipatala cha boma sichingaufike. Madokotala a ana a pa Gulupu adagwirizana ndi ophunzira a ku Rice University, ku America, kupanga makina otsika mtengo. Oyambirira adawapanga ndi timapampu topopera mpweya m'madzi owetera nsomba. Adawatcha dzina lachichewa, Pumani.

Makinawo adayesedwa pa Gulupu mu 2012, ndipo mmodzi mwa otsogolera ntchitoyo adali Dr Kondwani Kawaza. Mwa makanda 100 alionse obanika amene adalandira mpweya m'njira yakale, 44 ndiwo adapulumuka. Mwa makanda 100 alionse oikidwa pa Pumani, adapulumuka 71. Pambuyo pake makinawa adagawidwa m'zipatala za maboma, ndipo anamwino adaphunzitsidwa kagwiritsidwe kake. Kuchokera ku Mwanza kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 100. Khanda lobanika silingadikire ulendo wotere. Chimene chingalipulumutse ndi nzeru imene idafika kale pa chipatala cha kwawo.

Mboni yachinayi: mzere wa ana ndi malungo

Kale lamulo la pa mzere wa kuchipatala lidali lakuti woyamba kufika ndiye woyamba kuonedwa. Lamuloli limaoneka lachilungamo, koma lidapha ana ambiri, pakuti mwana wodwalitsitsa nthawi zambiri ndiye wochokera kutali, wofika mochedwa. Professor Elizabeth Molyneux ndi anzake a pa Gulupu adakonza njira yakuti namwino aziyenda pa mzere nasankha msanga mwana wokomoka, wobanika kapena wotha madzi m'thupi, kuti athandizidwe poyamba. Imfa za ana zidachepa, ndipo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization lidafalitsa njirayi ku maiko ena. Tsono namwino akadumphitsa mwana wina pa mzere, anthu asafulumire kunena kuti ndi wachibale wake. Kawirikawiri akutsata chiphunzitso chimenechi.

Za malungo nazonso zilipo. Dr Terrie Taylor ndi Professor Malcolm Molyneux adakonza muyeso wodziwira kukula kwa chikomokere cha mwana wodwala malungo a mu ubongo. Amayang'ana maso a mwana, kulira kwake, ndi mmene akuchitira akamtsina. Muyesowu umatchedwa ndi dzina la Blantyre m'maiko onse. Mu 2015 kafukufuku wa pa Gulupu pomwepo adaonetsa kuti chimene chimapha ana ambiri otere ndi kutupa kwa ubongo. Nthenda imene ena kumudzi amaiyesa ufiti ili ndi chiyambi chodziwika, ndipo mankhwala ake ali kuchipatala, malinga mwana afike msanga.

Mboni yachisanu: lamya

Ambiri mwa ochiritsa m'zipatala za maboma ndi madokotala othandiza, amene kuchipatala amawatcha ma clinical officer. Iwowa ndiwo amachita maopaleshoni ambiri a amayi olephera kubereka. Sukulu ya ku Blantyre idatsegula maphunziro apamwamba a anthu amenewa, kuti luso la opaleshoni lichuluke m'maboma. Ndiponso mu 2018 padakhazikitsidwa njira yakuti wochiritsa wa m'boma la m'chigawo cha kumwera azifunsa nzeru kwa akatswiri a pa Gulupu pa lamya, kudzera pa WhatsApp, asanatumize wodwala. Padaoneka kuti odwala ena amene akadanyamulidwa pa ambulansi angathe kuthandizidwa kwawo komweko.

Amene adadikirirapo wodwala ku Gulupu adziwa phindu la zimenezi. Adziwa mtengo wa minibasi kudzera pa Zalewa, mtengo wa makala ndi ndiwo m'tauni, ndi chisoni cha kugona pa simenti pakati pa alendo, uku kumudzi chimanga chikulowa tchire. Ulendo umodzi wopewedwa ndi mbuzi imodzi yosagulitsidwa.

Nanga za magazi?

Mantha a magazi asasekedwe, chifukwa ali ndi muzu wake. Kudziko kuno kudachitikadi zoipa m'dzina la kafukufuku. Ku Tuskegee, m'dziko la America, kuyambira mu 1932 mpaka mu 1972, amuna akuda odwala chindoko adasiyidwa osapatsidwa mankhwala kuti madokotala aone mmene nthendayo imaonongera thupi. Zonyansa zotere ndizo zidachititsa maiko kukhwimitsa malamulo. Lero kafukufuku aliyense wa pa sukulu ya ku Blantyre ayenera kuyamba wavomerezedwa ndi komiti yoteteza anthu. Munthu ayenera kuuzidwa m'chinenero chake chimene akufuna kumchita. Ali ndi ufulu wokana, ndipo akakana salandidwa chithandizo cha kuchipatala. Akavomera, angathenso kutulukamo tsiku lililonse.

Magazi amene amatengedwa kuti akapimidwe ndi ochepa, osadzaza ngakhale supuni yaikulu. Amawatenga chifukwa tizilombo ta matenda ambiri timabisala m'magazi, ndipo diso silingatione. Anthu a ku Neno akadakana kupimidwa mu 2009, nthenda ija ikadapitirira kupha popanda dzina.

Dziko lino lidaona kale kumene mphekesera zimafikitsa anthu. Mu 2017 mbiri ya anamapopa idawanda ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma oyandikana nawo. Anthu osalakwa adaphedwa. Ambulansi zidagendedwa, ndipo ogwira ntchito za umoyo adaopa kulowa m'midzi. Namapopa sadagwidwe ndi mmodzi yemwe. Amene adavutika adali odwala a m'midzi yomweyo. Wofuna kudziteteza asatole mwala, koma afunse mafunso. Afunse kuti: Mwachokera kuti? Kalata yanu ya kwa Bwanamkubwa ndi ya kwa mkulu wa zaumoyo ili kuti? Magaziwa mukachita nawo chiyani? Zotsatira mudzatiuza liti? Wofufuza woona amayankha mafunso amenewa mosakwiya. Safunsa adadya phula, komanso wogenda asanafunse amagenda mchiritsi wa mwana wake.

Pamene odandaula akunena zoona

Mlandu suzengedwa ndi mbali imodzi. Odandaula ali ndi mfundo zina zolimba, ndipo akuluakulu a sukuluyo ndi a Boma ayenera kuzimva.

Ndi zoona kuti madokotala ambiri amaunjikana ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pamene anthu ochuluka a dziko lino amakhala m'midzi. Ndi zoona kuti ena ophunzitsidwa ndi msonkho wa amphawi adapita kunja osabweranso. Ndi zoonanso kuti pakhala zaka zina pamene madokotala ndi anamwino otsiriza maphunziro adakhala pakhomo miyezi yambiri osalembedwa ntchito, Boma likuti lilibe ndalama, uku m'zipatala namwino mmodzi akusamala chipinda chodzaza. Kumeneko ndiko kufesa mbande nkuzisiya ziumire m'nazale. Ndi chinthu chochititsa manyazi, ndipo palibe mawu okoma amene angachiphimbe.

Ndi zoonanso kuti mwana wa kumudzi amayamba mpikisano ali m'mbuyo. Mnzake wa m'tauni adakhudzapo zipangizo za sayansi, pamene iye adangoziona pa chithunzi cha m'buku. Malo pa sukulu ya madokotala ndi ochepa, ndipo amapita kwa okhoza koposa. Sekondale za m'midzi zikapanda mabuku, zipangizo ndi aphunzitsi a sayansi, chipata cha sukuluyo chidzakhala chotsegula pa pepala pokha.

Koma wowerenga aone kumene mfundo zimenezi zikuloza. Sizikunena kuti sukuluyo ndi yachabe. Zikunena kuti zipatso zake sizikugawidwa molungama. Munthu amene wamanidwa gawo lake la nyama sanena kuti nyama ndi yoipa. Amaimirira pabwalo naitanitsa gawo lakelo. Wonyoza sukuluyo amapeputsa ntchito ya omumana, chifukwa iwo amati, "Si uyo, mwini wake sakuifuna."

Choyenera kuchita

Mwanza ali ndi chifukwa chomveka choitanitsira gawo lake. Ndi boma la m'malire, la anthu pafupifupi 130,000 monga mwa kalembera wa 2018. Magalimoto a katundu ochokera ku Tete, ku Zimbabwe ndi ku South Africa amalowera pa chipata chake usana ndi usiku. Odwala a kutsidya, a ku Zobue ndi midzi yozungulira, amadza ku chipatala cha Mwanza. Mu 2015 ndi 2016 anthu zikwizikwi othawa nkhondo ku Mozambique adafikira pa Kapise. Nthenda siitanitsidwa chiphaso pa chipata. Malo otere ndi oyenera kuti anthu ofufuza matenda aziwayang'anira ndi maso onse awiri.

Sukuluyo ili ndi nthambi ku Mangochi, kumene ophunzira ake amakaphunzira za umoyo wa anthu a m'midzi. Tsono mafumu, makhansala ndi aphungu a ku Mwanza apemphe, m'makalata ndi m'misonkhano ya khonsolo, kuti ophunzira otere azifikanso kwawo chaka ndi chaka, azigona m'midzi, azimwa madzi a pa mjigo umene anthu amamwapo. Dokotala amene adaona ndi maso ake mtunda wa pakati pa Thambani ndi pa boma sadzakalipira mayi wofika mochedwa. Apemphenso kuti ofufuza akatsiriza ntchito azibwera kudzanena zotsatira pabwalo la mfumu, m'Chichewa chomveka. Ndipo aphungu asatope kufunsa m'Nyumba ya Malamulo chifukwa chake ochiritsa ophunzira akukhala pakhomo.

Makolo nawo ali ndi mbali yawo, ndipo ndiyo yaikulu. Dokotala amene sadzanyansidwa ndi fumbi la ku Mwanza ndi amene adabadwira m'fumbi lomwelo, pakuti madzi saiwala khwawa. Dokotala ameneyo lero ali mu Sitandade 4, ndipo mwina ndi mtsikana. Akatumidwa kukagulitsa manachesi pa msewu nthawi ya sukulu, kapena akakwatiwitsidwa ali ndi zaka 15, boma lonse lataya mchiritsi wake. Ulendo wake ndi wautali: pulayimale, sekondale, kenaka zaka 6 pa sukulu ya madokotala. Ayenera kulimbikira masamu, sayansi ndi Chingerezi. Kholo limene laphunzira kuwerenga litakula lidziwa kuwawa kwa kuchedwa. Lisalole mwana wake achedwenso.

Mboni zalankhula. Katemera, chiponde, makina a Pumani, mzere wa ana ndi lamya ya wochiritsa, zonsezi zidatuluka kapena zidayesedwa pa sukulu imene ena amati si yawo. Wonena kuti sidamthandize akutsutsana ndi khadi la ku sikelo la mwana wake yemwe. Chimene chatsala ndi chakuti anthu a ku Mwanza apite ndi ana awo ku katemera, afunse mafunso kwa ofufuza mopanda mantha ndi mopanda miyala, asunge ana awo pa sukulu, ndipo aitanitse kwa Boma madokotala amene msonkho wawo udaphunzitsa.